Masiku atatu m'mbali mwa phiri la Dómuè



Kwathu kuno mphunzitsi sakhala ndi nchito imodzi. Akangodziwika kuti amapemphera, mpingo umamupatsa buku ndi colembera tsiku lomwelo. Mlembi ndi iye, cifukwa dzanja lake limawerengeka. Wowerenga mawu ndi iye, cifukwa sadodoma. Wosunga ciwerengero ca matumba a simenti ndi iyenso, poti masamu amawadziwa. Kukagwa maliro abusa ali kutali, anthu amayang'anayang'ana, kenako maso onse amathera pa munthu amene ali ndi coko m'zikhadabo. Ambiri a inu mukudziwa zimene ndikunena, kaya ndinu akatekisita, akulu a mpingo, atsogoleri a kwaya kapena amayi a cigwirizano.

Ine ndakhala mkulu wa mpingo zaka 9. Sabata yanga imayenda motere. Lolemba mpaka Lacisanu ndili m'kalasi ndi ana opitirira 60. Lacitatu madzulo kuli mapemphero a m'mudzi. Loweruka m'mawa ndimaphunzitsa okonzekera ubatizo. Lamulungu ndimapalasa njinga kupita ku nyumba ya mapemphero imene yandigwera, pakuti abusa tili nawo amodzi koma nyumba zopemphereramo ndi 7. Maliro okha alibe tsiku, amangolowa pamene afuna.

Kumayambiriro kwa Agosto akulu anzanga anandiuza kuti pa cisankho ca mu Dezembro akufuna ndipitirize ukulu, ndiponso ndisenze thumba la ndalama zomangira chalichi catsopano. Yankho ankalifuna Setembro asanathe. Anandiuza mwaulemu ndi mwacikondi, ndipo pempho lotero ndi limene limavuta kukana. Ndinapempha kuti andipatse nthawi, ndikaganize ndili kwandekha.

Kupita kuphiri si cacilendo kuno. Magulu amakwera ndi ng'oma, kusala kudya, kucezera usiku wonse akuimba. Ine ndinkafuna m'bindikiro wa mtundu wina, wopanda gulu ndi wopanda pulogalamu. Nditanena zimenezi, wina anandifunsa ngati ndayambana ndi abusa. Wina anaseka n'kunena kuti mwina ndikukalandira masomphenya oyambitsa mpingo wanga. Amayi a kunyumba okha ndi amene sanafunse zambiri. Anangoti, "Abambo, pitani. Mukabwera mudzatiuze ngati mukadali athu kapena ndinu a komiti." Foni ndinaisiya m'manja mwawo.

Ndinanyamuka Laciwiri, pa chuthi ca kumapeto kwa trimestre yaciwiri. Njinga yamoto inandisiya pa msika, kotsalako ndinayenda wapansi mpaka kwa amalume, amene amakhala m'tsinde mwa phiri la Dómuè. M'cikwama munali Baibulo, kaderno, cijasi, botolo la madzi, mcere ndi sopo wa pakhomo pa amalume. Phirili n'lotalika mamita 2095, ndipo palibe lina lolipitirira m'cigawo conse ca Tete. Amene munakulira ku Angónia mukuidziwa mphepo ya Agosto, ija imalowa m'malaya ngati ili ndi ngongole nawe. Kufika pansonga sicinali colinga canga. Ndinapeza thanthwe lafulati, ulendo wa ola limodzi kucokera pakhomo, lokhala ndi mwala wochinga mphepo, ndipo pamenepo ndi pamene ndinkakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Tsiku loyamba kunja kunali zii, koma m'mutu munali msika. Ndikati nditseke maso ndipemphere, kunkabwera mtengo wa malata. Ndikati nditsegule Baibulo, maganizo ankathamangira kukonza ulaliki wa Lamulungu likudzalo, ngati mayi wogulitsa mandasi amene sangaone ufa osayamba kuwerengera phindu. Dzanja linkapita lokha m'thumba kukafuna foni imene munalibe. Dzuwa litafunda thanthwe lija, ndinagona. Ndinadzuka mthunzi utasuntha, mkamwa mwauma, nditagona maola pafupifupi atatu masanasana, cinthu cimene thupi langa linali litaiwala.

Madzulo ake ndinawerenga nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19. Ndailalikirapo kangapo, koma nthawi zonse ndinkafulumira kukafika pa mphepo, civomezi, moto ndi mawu a kayaziyazi a ku Horebu. Tsiku limenelo ndinaima koyambirira kwake. Munthu amene anali atangopambana pa phiri la Karimeli anathawira kucipululu, nagona pansi pa kamtengo, napempha imfa. Mngelo atabwera sanamupatse ulaliki. Anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, namusiya agonenso, kenako anamudzutsa kaciwiri kuti adyenso. Kukambirana kunabwera pambuyo, thupi litalimba. Ndipo pa kukambiranako Eliya anadandaula kawiri konse kuti watsala yekha. Yankho limene analandira linali ciwerengero ndi nchito: kuli anthu 7,000 amene iye sankawawerenga, ndipo apite akadzoze Elisa wodzalowa m'malo mwake. Ndinatseka buku ndili ndi funso lakuti a 7,000 a kwathu ali kuti, ndipo n'cifukwa ciyani maina awo sali m'kaderno ya komiti.

M'mawa mwake, ndisanakwere, ndinacita zimene mphunzitsi amadziwa: ndinajambula mizere m'kaderno. Ndinalemba zonse za mpingo zimene ndinayendera kuyambira Maio mpaka Julho. Maliro anali 11. Misonkhano ya ndalama, njerwa ndi malipoti inali 14. Maulendo okaona odwala ndi okalamba amene safikanso kuchalichi anali 3. Ma Loweruka amene ndinadya nsima ya masana ndi ana anga anali 2. Umu ndi mmene nchito ya mpingo imadzigawira yokha ikasiyidwa. Cimene cili ndi deti ndi ndalama cimakuwa, ndipo cimayankhidwa. Agogo a kutsidya kwa dambo, amene maso anafa ndipo amangofuna wina awawerengere salimo, sakuwa. Mwana wako amene akufuna umuone akuwerenga sakuwanso, amangosiya kukuitana.

Ukakhala pathanthwe paja dziko limaoneka lonse. Minda yokololedwa yofiirira, madimba a mbatatesi ndi kabici obiriwira m'mbali mwa madambo, ngolo za ng'ombe zikukwawa pamsewu ngati nyerere, utsi wa moto wa m'chire ukuphimba mapiri a ku Dedza. Mitengo imene imaoneka kwambiri ndi bulugamu wa m'malire a minda ndi mango a m'midzi. Koma apa ndi apo pali timagulu ta mitengo yakuda bii, yothithikana, yacikale. Aliyense wa kuno amadziwa kuti pamenepo ndi pamanda. Nkhwangwa siifika, moto amautseka, mbuzi amazikusa. Ndinayang'ana timagulu timeneti nthawi yaitali. Mtengo timausiya upume ukakhala kumanda kokha. Nawo atumiki a mpingo, mawu owafunira mpumulo timawanena mokweza tsiku lowaika m'manda.

Tsiku laciwirilo amalume anati andiperekeza, akaone misampha yawo. Ali ndi zaka zopitirira 70 koma pokwera ndinkatsalira ndine. Tinadutsa pamalo pamene kale panali nkhalango ya misuku ndi mombo, pano pali zitsa zokhazokha. Anaima n'kuloza ndi ndodo.

"Mphwanga, mitengo ya apa ukuidziwa kumene inapita?"

Ndinati mwina makala, mwina zigafa za fodya.

"Inanso inapita kumeneko. Koma yambiri inaocha njerwa. Sukulu zanuzo, machalichi anuwo, ali ndi phiri lino m'zipupa."

Kenako anandionetsa zitsa ziwiri zoyandikana. Cimodzi cinali ndi mphukira zisanu zofika m'cifuwa, zonenepa ngati mpini wa khasu. Cinzake cinali couma, ciswe citalowa kale.

"Zonsezi zinadulidwa caka cimodzi. Ici cili kuseri kwa mwala, anthu sacionako. Ico cili m'mbali mwa njira. Cikangophuka, wina wathyola mphukira kukapanga mkwapulo wa ng'ombe. Caphukanso, mbuzi yabudula. Caphukanso, moto wadutsa. Mtengo wa kuno sufa ndi nkhwangwa, mphwanga, muzu wake ndi wautali. Umafa ndi kubwerezabwereza."

Amalume sankanena za mpingo, ankanena za mitengo yawo. Koma ine ndinayamba kuwerenga pa zala anthu amene ndinayamba nawo utumiki. Mmodzi, amene ankatsogolera acinyamata, kwaya ndi Sande sukulu nthawi imodzi, lero amangokhala kumbuyo ndipo amatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mayi wina amene maliro alionse ankagona kusiwa, kuphika ndi kutsogolera nyimbo, anadwala kuthamanga kwa magazi ndipo anthu anayamba kufunsa cifukwa cimene wazilala. Palibe mwa iwo amene anagwa ndi nkhwangwa ya cimo lalikulu kapena ya mkangano. Anali m'mbali mwa njira, osavuta kufikira, osadziwa kukana, ndipo aliyense wodutsa ankathyolako pang'ono. Akuluakulu ananena kuti ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika. Timaunena mwambiwu podzudzula ng'oma, koma ng'oma sidziimba yokha.

Pamwamba pang'ono mitengo ina yotsala inali itayamba kutulutsa masamba atsopano, ofiira ngati magazi, ena ofiirira ngati mkuwa. Caka ciliconse zimacitika nyengo yomweyi, mvula isanagwe ngakhale dontho, nthaka ili gwa. Mtengo umaphuka ndi cakudya ndi madzi zimene mizu inasunga. Miyezi imene unaima wopanda masamba, wooneka ngati waulesi, ndi imene inauteteza kuti usataye madzi. Lamulo la Mose pa Levitiko 25 linkafuna kuti ngakhale munda ugonere caka cacisanu ndi ciwiri, ndipo makolo athu ankadziwa kusiya tsala nthaka ikatopa. Masiku ano minda yacepa, tsala kulibe, timangothira feteleza n'kulimanso. Atumiki nawonso timawathira feteleza wa mawu olimbikitsa ndi kuwaombera m'manja, n'kuwabwezera kumunda.

Usiku umenewo tinaotha moto wa zitsononkho, amalume n'kuyamba zakale. Nkhani zina ndinkazidziwa kucokera m'mbiri ya dera lathu. Mu 1909 amisyonale a Dutch Reformed anatsegula misyoni ya Mphatso kuno ku Angónia, ndipo mu 1922 boma la Apwitikizi linaitseka. Kwa zaka zambirimbiri Akhristu a mipingo imeneyo anakhala opanda mbusa wokhala pakati pawo. Ankasonkhana m'midzi motsogozedwa ndi akulu awo, ubatizo ndi mgonero n'kumakalandira kutsidya kwa malire. Abale athu a Katolika nawo, ufulu utabwera mu 1975 ndipo ansembe atacepa, anakumana ku Beira mu 1977 n'kugwirizana kuti mpingo uime pa timagulu ta Akhristu, nchito zake zigawidwe kwa anthu wamba ambiri: wina wa mawu, wina wa odwala, wina wa maliro, wina wa mabanja. Kenako inadza nkhondo, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Outubro 1992, ndipo anthu a dziko lino opitirira miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Amalume anali m'gulu limenelo, mbali ya ku Dedza.

"Kumeneko tinkapemphera pansi pa mtengo," anatero. "Baibulo linali limodzi, lopanda cikuto. Wodziwa kuwerenga ankawerenga. Wodziwa nyimbo ankayambitsa. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma ndinaika maliro anayi ndi pakamwa pangapa, cifukwa panalibe woti timudikire. Lero mukuti popanda aphunzitsi mwambo suyamba. Zinayamba liti zimenezi?"

Funso limenelo ndinagona nalo. Mpingo umene unapulumuka nthawi zowawa cifukwa aliyense ananyamulako, nthawi ya mtendere waunjika katundu pa anthu ocepa. Zifukwa zake zilipo ndipo si zoipa zonse. Kwabwera malipoti, mabuku a ndalama, makalata a ku boma olembedwa m'Ciputukezi, ndipo izi zimafunadi munthu wa sukulu. Palinso ulemu umene anthu amapereka kwa wophunzira, mpaka mlimi wodziwa Malemba kuposa ine amakhala pansi ndikangolowa. Koma cifukwa cacikulu cija, cakuti wodziwa kuwerenga ndi mphunzitsi yekha, cinatha kale. Kuyambira 2003, pamene maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za dziko lino, tatulutsa ana amene amawerenga Cinyanja mosadodoma, ndipo oyambirira aja lero ndi abambo ndi amayi a mabanja awo. Lamulungu amakhala pa benci lacitatu, kumvetsera aphunzitsi awo akale akuwerenga ndime imene iwo akanaiwerenga bwino lomwe. A 7,000 ndinkawafuna aja, ena ndinawaphunzitsa ndekha kugwira pensulo.

Tsiku lacitatu ndinakwera ndekha m'mamawa, mame asanaume. Nditakhala phee nthawi yaitali, mbira zinatuluka m'ming'alu ya miyala kudzaothera dzuwa. Zinalipo zisanu ndi imodzi. Imodzi inakhala pamwamba kuyang'ana kumwamba ndi kumbali, zinzake zikudya ndi kugona, ndipo patapita nthawi inatsika, ina n'kukwera pamalo pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: masiku awiri oyamba aja ndinkangomva kulira kwake osaziona.

Mbira zinandikumbutsa nthano imene tonse tinakula nayo, yakuti mbira inasowa mcira cifukwa cotuma anzake tsiku logawa micira. Nthano imeneyi ndi imene imatimanga ambiri a ife. Ukati upatseko wina nchito, mumtima mumamveka mawu akuti ndiwe waulesi, udzasowa mcira. Ndili pathanthwe paja ndinaiganizira bwino. Cimene mbira inatuma anzake cinali mcira wake, cinthu ca pathupi pake, coti wina sangakusankhire. Nthanoyi sikuletsa kugawana nchito ya mudzi. Ikuletsa kutuma ena pa zimene zili zako wekha. Ndiye ndinatsegula kaderno n'kudzifunsa kuti mcira wanga ndi uti. Ndinapeza zitatu: pemphero langa ndekha pamaso pa Mulungu, ana anga ndi amayi awo, ndi kukhala pansi ndi munthu wosweka mtima amene wandifuna ine mwini. Izi palibe angandigwirire. Kuwerenga mawu, kulemba maina, kuwerengera njerwa, kuphunzitsa okonzekera ubatizo, zonsezo ndi za mpingo, ndipo mpingo uli ndi manja ambiri.

Malemba sasowa zitsanzo pa nkhaniyi. Pa Eksodo 18, Yetero anaona mkamwini wake Mose akuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu ataimirira pamzere, ndipo anamuuza mosabisa kuti adzafooka iye pamodzi ndi anthuwo. Mfundo yaciwiriyo timaiiwala: mtsogoleri akasenza zonse, otopa si iye yekha, anthunso amatopa ndi kudikira. Pa Macitidwe 6, madandaulo atabuka pa kagawidwe ka cakudya ca amayi amasiye, atumwi sanawonjezere maola awo. Anauza mpingo usankhe anthu 7 odalirika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga likagwa siligwera mutu umodziwo wokha.

Ndisakunamizeni kuti phiri limacotsa mavuto. Pa Marko 6, Yesu anatenga ophunzira ake m'ngalawa kuti akapume kwaokha, cifukwa analibe ngakhale mpata wodya, koma anthu anathamanga wapansi n'kukafika iwo asanakoceze. Mpumulo unathera pagombe. Inenso nditatsika Lacisanu m'mawa, ndinapeza uthenga ukundidikira pakhomo: kwagwa maliro a mwana m'mudzi wina wa mpingo wathu. Ndinasamba, ndinavala jekete, ndinapita. Koma pa nkhani ya Marko ija pali cimene ndinacionanso mwatsopano. Anthu 5,000 aja anakhazikidwa m'magulu a 100 ndi a 50, ndipo mkate unafika kwa iwo kudzera m'manja mwa ophunzira otopa omwe aja, aliyense gawo lake. Pamaliro paja ndinapempha mnyamata wina wa kwaya kuti awerenge mawu, ndipo bambo wina wacikulire anapemphera kumanda. Ine ndinalalikira mwacidule, kenako ndinakakhala pamphasa pafupi ndi bambo wa mwanayo mpaka madzulo, osanena zambiri.

Pa msonkhano wa akulu wa mu Setembro ndinapereka yankho langa. Ndinati ukulu ndipitiriza ngati mpingo undisankhanso, koma thumba la zomangamanga sindisenza. Ndinachula maina a anthu awiri amene amayendetsa bwino malonda awo a mbatatesi ndi soya, oti akhoza kusunga buku la ndalama mothandizana. Ndinapempha kuti kalasi ya Loweruka igawidwe kwa anthu atatu osinthana, ine ndizikhala nawo kamodzi pa mwezi. Ndinapemphanso kuti pakhale ndandanda ya owerenga mawu, acinyamata ndi amayi alowemo, ndiponso kuti mtumiki aliyense, kuyambira abusa, akhale ndi Loweruka limodzi pa mwezi loti asaitanidwe kupatula pa maliro.

M'cipindamo munakhala bata lolemera. Mkulu wina, amene ndimamulemekeza ngati bambo anga, anati, "Aphunzitsi, nchito ya Mulungu sakana. Ife tinasenza osadandaula." Ndinayankha kuti n'zoona anasenza, ndipo tonse tikudya zipatso za thukuta lawo, koma pa anthu 12 amene anadzozedwa nawo limodzi, otsala pa nchito ndi angati? Anawerenga camumtima, sanayankhe. Wina anati acinyamata a masiku ano ndi osadalirika. Abusa, amene anali cete nthawi yonseyi, anangoti iwo sanapumepo Loweruka ciyambire caka, ndipo akufuna ayese. Tinagwirizana kuyesa mpaka Dezembro.

Papita miyezi iwiri tsopano, ndipo si zonse zayenda myaa. Mmodzi wa awiri a thumba aja anakana, akuopa kunenedwa za ndalama, ndiye tikufunabe wina. Mtsikana woyamba kuwerenga mawu anathamanga ngati akuthawa galu, agogo ena n'kudandaula kuti sanamve kanthu. Sabata yotsatira tinakhala naye pansi, tinayeserera kupuma pa mpumiro uliwonse monga timacitira m'kalasi, ndipo ulendo waciwiri anthu anayankha amen wamphamvu. Alipo amene akuti aphunzitsi ayamba kunyada. Koma agogo a kutsidya kwa dambo aja ndawayendera kanayi, ndipo ulendo wathawu anandiuza kuti ndisabwere ndekha, ndizibwera ndi mwana wanga wamkazi cifukwa mawu ake amamveka bwino kuposa anga.

Kwa inu aphunzitsi anzanga amene mukusenza za sukulu ndi za mpingo pamodzi, m'bindikiro wotere sufuna ndalama zambiri. Ine ndinawononga ya njinga yamoto, mcere ndi sopo basi. Sikuti mpaka Dómuè: kuli madambo, kuli mitsinje, kuli mapiri ang'onoang'ono ku Tsangano, ku Macanga, kulikonse kumene muli, ndipo a ku Niassa muli ndi nyanja yonse. Uzani a kunyumba kumene muli ndi tsiku lobwera. Gonani pakhomo pa wacibale, kuthengo muzipita masana. Tengani madzi ndi cofunda, ndipo nyengo ya cilimwe musayatse moto paphiri. Tsiku limodzi silikwana, cifukwa loyambalo limathera kutulutsa phokoso la m'mutu ndi kubweza tulo. Musapite ndi ulaliki woti mukonze. Pitani ndi funso limodzi lenileni, loti pobwera muyenera kuliyankha kwa anthu.

Kwa inu makolo ndi Akhristu anzanga, mphunzitsi kapena mtumiki wina akakuuzani kuti ici sindikwanitsa, musafulumire kunena kuti wazilala kapena wayamba matama. Mufunseni kuti wasenza zingati. Kumbukiraninso kuti Lolemba m'mawa munthu yemweyo amaima pamaso pa ana anu, ndipo akafika atatheratu, olipira ndi anawo. Mwana wanu amene amawerenga bwino kunyumba, mulimbikitseni alembetse pa ndandanda ya owerenga. Inunso amene mumati sukulu munalekera panjira, pemphero la kumanda ndi ulendo wokaona wodwala sizifuna satifiketi.

Njerwa za chalichi catsopano zaochedwa kale, ndipo nkhuni zake zinacokera kumene mukudziwa. Pa msonkhano wathawu tinagwirizana kuti mvula ikakhazikika mu Dezembro, banja lililonse lidzabzala mitengo isanu kuzungulira malo a mpingo. Amalume atumiza uthenga kuti mbande za misuku asunga, koma akuti kubzala n'kosavuta, tiyambe tapeza woti azikusa mbuzi.